Bampala ya kumbuyo yalendewera, kodi ndingaichotse ndekha pakhomo?

Loweruka madzulo

Bambo a Mphatso (Nchalo): Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto. Lero masana ndinaimika Sienta yanga pafupi ndi msika wa Ngabu, kudikira anthu obwerera ku Nchalo. Kumbuyo kwanga kunkadutsa ngolo, ng'ombe imodzi inadzidzimuka ndi hutala ya lole, ngolo n'kudzakhula bampala ya kumbuyo mbali ya kumanzere. Palibe wavulala, ng'ombenso zili bwino. Koma bampala yatuluka m'malo mwake, ikulendewera, pakona pabonyoka, ndiponso pali mng'alu wotalika ngati chala. Ndamanga ndi mphira kuti ndifike kunyumba. Mwini ngolo ndi bambo wachikulire, anapepesa mpaka ine ndinamva chisoni, sindinafune kumuvutitsa. Ndalama yokwera nayo ku Blantyre kwa owongola magalimoto ndilibe, ndipo galimoto imeneyi ndi imene imadyetsa pakhomo. Lolemba iyenera kukhala pamsewu. Kodi ndingathe kuichotsa ndekha mawa, kuikonza, n'kuibwezeretsa? Zida zimene ndili nazo ndi masipanala ochepa, sikuludiraiva ziwiri ndi pulayazi.

Wa Kabaza pa Bereu: Pepani bwana. Koma bwanji osangoboola n'kumanga ndi waya? Ma Sienta ambiri pamsewu uno akuyenda choncho, ndimawaona tsiku lililonse.

Mayi a Tadala (Ngabu): Pepani achimwene, ndinamva kuti kumsika kwachitika zimenezi koma sindinadziwe kuti ndinu. Musamange ndi waya. Ine pa Probox yanga ndinayamba ndamangapo ndi waya, pasanathe miyezi iwiri waya uja anali atacheka pulasitiki, bowo linakula mpaka polowa chala chachikulu. Waya ndi wolimba kuposa pulasitiki, galimoto ikamagwedezeka m'mabampu amangodya pang'onopang'ono. Pamapeto ndinachotsabe bampala yonse, ine ndi mwana wanga wa Fomu 3. Ndi ntchito yotheka.

Madala Makaniki (Dyeratu): Mwanawe, khazika mtima pansi. Ntchito imeneyi siifuna mphamvu. Amene amathyola zinthu pa bampala ndi anthu amphamvu amene akufulumira. Ndiuze kaye zinthu zitatu. Chitseko cha kumbuyo chikutseguka ndi kutsekeka bwinobwino? Getsi la kumanzere lasweka kapena lasuntha? Ukaliza injini, ekizozi ikumveka ngati kale?

Bambo a Mphatso (Nchalo): Zikomo madala. Chitseko chikutseka bwino, sichikukhula paliponse. Getsi silinasweke, mabuleki ndi indiketa zikuyaka. Ekizozi sinasinthe kulira.

Madala Makaniki (Dyeratu): Ndiye kuti thupi la galimoto silinapindike kwambiri. Chitseko chikanakhala chikukana, ndikanati pita kwa owongola. Apa ungathe wekha. Mvetsera bwino.

Chimene timachitcha bampala pa magalimoto a masiku ano ndi chikuto chabe cha pulasitiki. Chimagwidwa malo anayi. Pamwamba, ukatsegula chitseko cha kumbuyo, uona mabawuti kapena makilipu m'mphepete. M'mbali zonse ziwiri, kuseri kwa tayala, pamene bampala imakumana ndi thupi, pamakhala sikuluu yoloza m'mwamba, nthawi zina yobisika kuseri kwa madigadi. Pansi pali makilipu akuda ndi timabawuti. Chachinayi ndi chimene anthu sachiona: m'mbali muja, pansi pa getsi, muli bulaketi ya pulasitiki yomangidwa kuthupi, ili ndi mano, ndipo mlomo wa bampala umalowa m'mano amenewo. Yako yalendewera chifukwa mlomo watuluka m'mano, kapena mano athyoka. Tidziwa ikatsika.

Pa Toyota mabawuti ambiri a pamenepa ndi a sipanala ya 10. Ngati uli ndi soketi ya 10 ndi bwino koposa.

Aphunzitsi a ku Makhuwira: Ndionjezere kamodzi, madala. Asanamasule kanthu ajambule ndi foni paliponse: pamwamba, m'mbali, pansi. Ndipo chilichonse chimene wamasula aike m'mbale zosiyana, za kumanja pazokha, za kumanzere pazokha, za pansi pazokha. Ine ndinataya masikuluu awiri mumchenga wa pabwalo, ndinasefa mchenga ndi lichero koma osawapeza. Yalani thumba kapena mkeka wakale pansi pa galimoto.

Madala Makaniki (Dyeratu): Aphunzitsi anena zoona. Masikuluu a pamenepa amafanana maonekedwe koma si ofanana kutalika. Ukaika yaitali pamene panali yaifupi, imaboola chimene sichifunika kuboola.

Bambo a Mphatso (Nchalo): Nanga jeki ndiike? Ndikuona ngati pansi pali pothina.

Madala Makaniki (Dyeratu): Ayi, yamba wopanda jeki. Imika pamalo osalala, koka handibuleki, ika miyala kumatayala a kutsogolo. Ugona chammbali n'kufikira ndi mkono. Ngati tayala likukutchinga pa sikuluu ya m'mbali, pamenepo ungakweze mbali imodzi n'kuchotsa tayala, koma uike chipika chokhuthala cha mtengo pansi pa galimoto, osati njerwa. Njerwa zowotcha zimaphwanyika mosachenjeza. Ndipo usalowetse mutu kapena chifuwa pansi pa galimoto imene yakhalira jeki yokha, makamaka pa dothi lathu lamchenga lino, jeki imamira n'kupendama. Ndanena ndi mtima wonse, pa zaka zanga ndaona manja ophwanyika.

China, ekizozi izizire. Usachite kuchokera paulendo n'kuyamba kugwira.

Mlamu wa ku Bangula: Alamu, ndangoona kumene. Pepani. Ine maganizo anga ndi ena. Mapulasitiki amenewa sanapangidwire misewu yathu. Chotsani chonsecho, tipite kwa wowotcherera atiikire paipi yachitsulo kumbuyo, ngolo ikadzabweranso idzabwerera yokha.

Mayi a Tadala (Ngabu): Paipi pa Sienta? Achimwene, apolisi pa Thabwa mukawayankha chiyani? Komanso popita kokatenga COF, satifiketi yosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu?

Madala Makaniki (Dyeratu): Za apolisi zikhale apo, ine nkhawa yanga ndi anthu okhala mpando wa kumbuyo. Sienta ili ndi mipando 7, ndipo mzere wachitatu uli pafupi kwambiri ndi chitseko. Kumbuyo kwa galimoto anakupanga kuti kukagundidwa kuzifwanyika, mphamvu izithera m'zitsulo isanafike kwa anthu. Ukawotcherera paipi yolimba, mphamvu ija imadutsa paipi n'kukapinda chasisi pamene unawotcherera. Kagunda kakang'ono kamene kakanangoononga pulasitiki kamasanduka ntchito yaikulu. Komanso moto wa wowotcherera pansi pa galimoto ya petulo, pamene pali thanki ndi mapaipi ake, si nkhani yoseweretsa. Paipi ija isiyireni mapikapu amene anabwera ndi malo ake omangirira.

Mlamu wa ku Bangula: Ndamva madala. Ine ndimangoona za kulimba. Alamu, mawa ndikwera minibasi yoyamba, ndidzakugwirireni mbali inayo.

Madala Makaniki (Dyeratu): Ndiye bwino zedi, chifukwa potsitsa pamafunika anthu awiri. Yambani m'mamawa. Dzuwa la October kuno likafika pamutu chitsulo sichigwirika, ndipo munthu wotenthedwa amapsa mtima msanga n'kuyamba kukoka.

Lamulungu m'mawa

Bambo a Mphatso (Nchalo): Mwadzuka bwanji. Tayamba 6 koloko pansi pa mtengo wa nimu. Za pamwamba zatuluka bwino. Koma makilipu a pansi akundivuta, awiri athyoka kale. Ndikangokanula ndi sikuludiraiva mutu ukudukira m'manja.

Mayi a Tadala (Ngabu): Imani kaye achimwene! Kilipu ija ili ndi zigawo ziwiri. Pakati pali kamsomali, kunja kuli thupi lake. Mukweze kamsomali kapakati kokha, pang'ono, ndi sikuludiraiva yaphwatalala yopyapyala. Kakatuluka miyendo ya m'kati imafota, ndiye mumasolola chonse ndi zala. Mukakanula chonse nthawi imodzi miyendo imakhala idakali yotambasuka, ndiye imathyoka.

Madala Makaniki (Dyeratu): Eya. Ndipo pali mtundu wina umene kapakati sukukweza koma umakakankhira m'kati pang'ono mpaka kamveke kuti thi. Yang'ana: ngati m'mphepete mwa kamutu muli kampata kolowetsa sikuludiraiva, nkokweza. Ngati kapakati ndi kakang'ono kosalala ngati batani, nkokankha. Thira madzi kaye, mchenga umalowa m'kati n'kumanga kamsomali. Koma usadandaule kwambiri, Sienta za mtundu wakowu anayamba kupanga mu 2003 n'kusiya mu 2015, ndiye makilipu ena akhala pamenepo zaka zoposa khumi, akuphikidwa ndi dzuwa la kuchigwa kuno. Pulasitiki yokalamba imauma ngati chigwada cha dzana. Ena athyoka ngakhale utawanyengerera.

Bambo a Mphatso (Nchalo): Nditathira madzi atatu atuluka amoyo. Zikomo mayi. Tsopano bawuti imodzi ya pansi kumanja yachita dzimbiri, sipanala ikungoterereka. Alamu akuti tithire brake fluid.

Madala Makaniki (Dyeratu): Brake fluid ayi, imadya penti, ikadonthera pathupi udzalira. Ngati pali WD-40, mafuta opopera omasulira dzimbiri, thira, ngati palibe sakaniza oilo pang'ono ndi dizilo kapena palafini, donthezera pa bawuti, usiye kwa mphindi 15. Siya sipanala yotsegula kukamwa, ndi imene ikudya mutuwo. Tenga mbali ya ring'i kapena soketi, uikhomere kuti ikhale bwino. Gogoda mutu wa bawuti pang'ono ndi hamala. Kenako yamba ngati ukumanga, pang'ono chabe, ndiye ubwerere kumasula. Kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, dzimbiri limasweka lokha. Moto usayandikize.

Wa Kabaza pa Bereu: Njira imeneyi ya kumanga kaye ndimaichita pa njinga yamoto, imathandizadi.

Bambo a Mphatso (Nchalo): Yatuluka! Zonse zamasuka tsopano koma bampala ikadali yogwira mbali ya kumanja. Tikoke?

Madala Makaniki (Dyeratu): Apa ndiye pamene pali ntchito yonse, mvetsera. Mbali ya kumanja ndi yamoyo, tiisunge yamoyo. Mata tepi ya pepala m'mphepete mwa thupi ndi pansi pa getsi kuti penti isakalike. Imirira pafupi ndi tayala. Gwira nsonga ya bampala pamene panali sikuluu ija, uikokere kunja, kumbali, ngati ukutsegula chivundikiro cha ndowa. Usakokere kumbuyo, usakokere pansi. Umva dzino loyamba likuti thu. Sunthira dzanja pafupi ndi pamene pagwira, kokanso, dzino lachiwiri. Uzipita choncho mpaka pansi pa getsi. Dzanja lizikhala pafupi ndi dzino nthawi zonse, ukakokera patali mlomo umang'ambika. Alamu ako agwirire pakati kuti isagwe. Ngati pansi pa getsi pakana, usalimbane napo, masula getsi lenilenilo, kawirikawiri limagwidwa ndi mabawuti awiri kapena atatu.

Mbali zonse zikamasuka, kokerani kumbuyo nonse awiri pang'ono pokha, kutalika kwa chikhatho, muime, musuzumire. Magalimoto ena ali ndi mawaya opita ku bampala: getsi la nambala, masensa a rivesi, kamera. Ngati alipo, tsinani kaloko ka pulagi n'kusolola pulagi, osati kukoka waya.

Aphunzitsi a ku Makhuwira: Ndipo musalowetse dzanja kumene maso sanaone. Kwathu kuno ku East Bank m'mabowo otere mumakhala zinkhanira, nthawi zina njoka imene yathawa dzuwa. Gogodani kaye ndi kamtengo.

Bambo a Mphatso (Nchalo): Yatsika bwinobwino, taigoneka pa mkeka. Waya panalibe. Mbali ya kumanja mano onse alipo. Kumanzere bulaketi yathyoka mano awiri, atsala ena. Koma abale, zimene ndapeza kuseri kwake zandidabwitsa. Matope ouma, olimba ngati njerwa, adzaza m'makona onse awiri. Tagwetsa pafupifupi theka la ndowa. Pansi pa matopewo chitsulo chayamba dzimbiri. Ndiponso kumanzere kuli kabokosi kakuda kokhala ndi timalilime ta labala, kena kang'ambika, kena kakanirira kotsegula ndi matope. N'chiyani chimenechi?

Madala Makaniki (Dyeratu): Aaa. Mwanawe, ngolo ija yakuthandiza. Galimoto imeneyi inalowapo m'madzi?

Bambo a Mphatso (Nchalo): Nthawi ya namondwe Freddy, mu March 2023. Madzi analowa pabwalo usiku, anafika theka la matayala ndisanaisunthire kumtunda. Pambuyo pake ndinatsuka m'kati ndi kunja, ndinasintha oilo, ndimayesa zatha.

Madala Makaniki (Dyeratu): Ambiri tinayesa choncho. Kuyambira namondwe Ana mu January 2022, kenako Freddy, magalimoto ambiri a kuchigwa kuno amene ndatsegula kumbuyo ndimapeza zomwezi. Otsuka amathira madzi pamene maso akuona, kuseri kwa bampala sikufika munthu. Matope aja amasunga chinyontho, mvula iliyonse amanyowanso, ndiye chitsulo chimadyeka mwakachetechete mpaka tsiku lina bawuti ilibenso pogwira.

Kabokosi kaja ndi potulukira mpweya. Ukamenyetsa chitseko mawindo ali otseka, kapena ukayatsa fani, mpweya wa m'galimoto umafuna kotulukira, ndiye umakankha timalilime tija n'kutuluka. Ntchito yake n'kutulutsa basi, tikatero timatsekanso tokha. Tikang'ambika kapena kukanirira, khomo lija limakhala lotsegula, ndipo kumbuyo kwa galimoto yothamanga ndi kumene fumbi limazungulira. Limalowa lonse. Choopsa kuposa fumbi ndi utsi wa ekizozi, chifukwa ekizozi imathera pafupi pomwepo.

Mayi a Tadala (Ngabu): Mayo ine. Achimwene, paja mwezi watha nditakwera yanu pochokera ku Miseu Folo ndinakuuzani kuti kumbuyo kukulowa fumbi, mpango wanga unachita kufiira. Munati mwina ndi labala wa chitseko.

Bambo a Mphatso (Nchalo): Ndikukumbuka mayi. Labala uja ndinasintha, fumbi osasiya. Ndipo ana asukulu amene ndimawatenga m'mawa, amene amakhala kumbuyo kwenikweni, kawiri konse wina anadandaula mutu. Ndinkati ndi kutentha. Mtima wanga wandipweteka tsopano.

Namwino wa ku Nsanje: Ndimangowerenga mwakachetechete koma apa ndilankhule. Mu utsi wa galimoto muli mpweya wa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Zizindikiro zake zoyamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kugona tulo kosadziwika bwino, ndipo ana amagwidwa msanga kuposa akulu. Sindikunena kuti mutu wa mwana uja unali umenewu, kutentha kwa kuno nakonso kumadwalitsa mutu. Koma bowo limenelo musalisiye, ndipo muone ngati ekizozi sikudontha penapake pansi. Mwana akadandaula mutu m'galimoto, imani, atuluke apume mpweya wa kunja.

Wa Kabaza pa Bereu: Ndiye angomata ndi tepi kabokosiko kuti kasalowe kanthu?

Madala Makaniki (Dyeratu): Ayi, ukatseka konse zitseko zimayamba kuvuta kutseka, fani imachepa mphamvu, magalasi amachita nthunzi nthawi ya mvula. Kakonzedwe. Kabokosi kaja kamangokanikizidwa pabowo, kali ndi timano m'mbali, kasolole mosamala. Katsuke ndi madzi a sopo. Lilime long'ambika udule lina pa labala wopyapyala, chubu cha njinga yakapalasa chimachita, koma usankhe chofewa, ukachiyala chigone chosapindika. Ulimangirire pamwamba pokha ngati mmene linalili linzake, pansi lizilendewera. Ukatha puzira kuchokera m'kati, litseguke, ukasiya ligwe lokha n'kutseka. Pobwezera uonetsetse kuti sunakazondotse, malilime azilendewera pansi. Ukadzapita ku Blantyre ukafunse chenicheni kwa ogulitsa zida zakale ku Ndirande kapena ku Limbe, pamodzi ndi bulaketi ya kumanzere. Utenge zakalezo m'manja ukafananize, ya kumanja ndi ya kumanzere sizilowana.

Dzimbiri lija pala ndi bulashi ya waya kapena sandipepala mpaka chitsulo chiwale, pukuta, paka red oxide, penti yoteteza dzimbiri. Ndi kutentha kwa lero iuma msanga. Ngati chitsulo chaboola, ndiuze.

Bambo a Mphatso (Nchalo): Sichinaboole, ndi pamwamba pokha. Red oxide ndili nayo yotsala pa mafelemu a mawindo. Alamu akupala. Ine ndiyambe za kubonyoka ndi mng'alu. Mnyamata wa pa shopu akuti supa gulu ndi soda zimagwira ngati simenti.

Wokonza Mafoni (Nchalo): Bwana musataye ndalama pa supa gulu. Tembenuzani bampala, m'kati mupeza zilembo zodinda, zambiri zimalembedwa PP yokha kapena PP ndi zilembo zina. Imeneyo ndi polypropylene, pulasitiki yonga yamafuta, guluu sagwira. Imaoneka ngati yagwira, mukangogunda bampu imodzi imatosoka. Imafuna kusungunula. Ndili ndi soldering iron yaikulu, chitsulo chamagetsi chosungunulira, magetsi alipo pakadali pano, ndibwera nayo 10 koloko ndikatseka kaye pa benchi.

Bambo a Mphatso (Nchalo): Ndaona, palembedwadi PP. Bwera mphwanga, Mulungu akudalitse.

Madala Makaniki (Dyeratu): Asanafike, wongola kaye pobonyoka, chifukwa mukawotcherera mng'alu pali pokhota udzang'ambikanso powongola. Wiritsa madzi ketulo ziwiri. Thira pang'onopang'ono pobonyoka ndi m'mphepete mwake, mbali zonse. Usaope, madzi owira ndi madigiri 100, pulasitiki imeneyi imasungunuka cha m'ma 160, ndiye ingofewa. Vala nsanza m'manja, kankha kuchokera m'kati ndi chibakera kapena mpini wa khasu wokutidwa nsalu, kuyambira m'mphepete kupita pakati. Ikatuluka gwirizira pomwepo, wina athire madzi ozizira kuti iume ili m'malo mwake. Ana akhale kutali ndi ketulo. Pa mbaula usaiyandikize, moto wa makala umatentha malo amodzi, penti imatuwa n'kutupa.

Wokonza Mafoni (Nchalo): Ndipo mubooleretu kabowo kakang'ono kumapeto kwenikweni kwa mng'alu, ngakhale ndi msomali wotentha, kuti usapitirire. M'kati mutsuke ndi sopo, pasakhale fumbi kapena mafuta. Kunja timata tepi kuti milomo ikumane bwino. Ine ndisungunula kuchokera m'kati, ndimiza kachidutswa ka sefa yachitsulo ya pawindo, kenako ndiphimba ndi pulasitiki ya mtundu womwewo. Ngati muli ndi ndowa yosweka yolembedwa PP pansi, kapena nambala 5 m'katikati mwa timivi titatu, dulani timizere. Botolo la madzi akumwa ayi, ndi mtundu wina, sizigwirana. Tichitira panja, utsi wake si wabwino kupuma.

Mlamu wa ku Bangula: Pobonyoka patuluka ndi ketulo yachiwiri. Patsala kamzere koyera pamene panapindika. Ndavomera madala, pulasitiki ili ndi ubwino wake, chikanakhala chitsulo bwenzi tikukhoma mpaka madzulo.

Lamulungu masana

Bambo a Mphatso (Nchalo): Mng'alu wagwira, mnyamatayu ali ndi dzanja. Kunja kukuoneka kamzere kokha. Kabokosi ka mpweya tabwezera, lilime la chubu likutseka bwino. Penti yauma. Tsopano kubwezera. Makilipu anayi ndilibe, ndipo bulaketi ya kumanzere mano awiri palibe.

Mayi a Tadala (Ngabu): Pa makilipu osowawo ikani ma cable tie akuda, okhuthala. Oyera amafumbutuka msanga ndi dzuwa. Pa hadiweya iliyonse pa Nchalo alipo. Koma muwaike pansi pamene saoneka, makilipu amoyo muwasungire malo olemera.

Madala Makaniki (Dyeratu): Zoona, ma cable tie amagwirizira mpaka upeze makilipu. Pa bulaketi, ngati mano otsala akugwira, idzakufikitsa. Pamene pasowa mano, yang'ana ngati cable tie ingadutse pabowo la mlomo wa bampala n'kuzungulira bulaketi kuseri, osaboola kunja.

Kubwezera n'kubwerera m'mapazi momwe munadzera. Nyamulani awiri, yambani pakati. Ikhale pamalo pake pansi pa chitseko, muike mabawuti a pamwamba ndi zala zokha, osamanga. Kenako pansi pa magetsi, mlomo ulowe mbali zonse. Ndiye m'mbali, kuyambira ku getsi kupita ku tayala, kanikiza ndi chikhatho dzino ndi dzino, uzimva thu, thu. Usamenye ndi chibakera. Likakana ndiye kuti mlomo wakwera pamwamba pa bulaketi kapena wapita pansi, tulutsa uyambenso. Zonse zikalowa bwerera m'mbuyo mapazi asanu, uyang'ane mpata wa pakati pa bampala ndi thupi, kumanja ndi kumanzere ufanane. Tseka chitseko pang'onopang'ono uone ngati sichikhula. Ukakhutira ndiye umange. Masikuluu olowa mu pulasitiki ukangomva kuti agwira, siya, ukapitiriza amadya mazinga n'kuyamba kuzungulira pachabe. Bawuti ya dzimbiri ija ipake girizi.

Chomaliza, suzumira pa ekizozi. Pakati pa paipi ndi pulasitiki pakhale mpata wolowa zala ziwiri. Zikakhudzana, pofika pa Sorgin pulasitiki idzakhala itasungunuka.

Aphunzitsi a ku Makhuwira: Musaiwalenso ma reflector ofiira. Ngati ngolo inakhula limodzi, matani lina lero. Usiku pa M1 pano njinga, ngolo ndi malole a nzimbe zimayendera limodzi, galimoto ikakuferani pamdima chimene chimakuonetsani ndi chimenecho.

Bambo a Mphatso (Nchalo): Yalowa! Koyamba kumanzere kunakana, mlomo unakwera pamwamba monga munanenera, tinatulutsa n'kuyambanso. Tsopano kumanja kuli ngati kwa fakitale. Kumanzere kwatsala kampata kolowa ndalama yachitsulo, pamene pasowa mano. Ndagwedeza ndi manja, siikusuntha. Magetsi onse akuyaka, reflector ndamata. Takhuta madala, takhuta mayi, nonse amene mwayankha. Mphwanga wa mafoni wakana ndalama, ndamukakamiza nsima ndi mlamba.

Namwino wa ku Nsanje: Nanga ekizozi mwaiona?

Bambo a Mphatso (Nchalo): Taliza injini, alamu anatseka kukamwa kwa paipi ndi nsanza kwa kamphindi, ine ndikumvetsera m'mbali. Pali kamphepo kakutuluka pa joini ya pakati, ndipo pamenepo pada ndi mwaye.

Madala Makaniki (Dyeratu): Imeneyo si ya pakhomo. Ubwere nayo kuno mawa usanatenge ana asukulu, ndidzakhala nditatsegula 5 koloko. Ngati ndi gasiketi ya pa joini ndi ntchito yosakwana ola. Pobwera mawindo akhale otsegula, kumbuyo kusakhale munthu.

Lolemba

Bambo a Mphatso (Nchalo): Inalidi gasiketi, madala asintha. Ana ndinawapempha anzanga awatenge lero lokha. Pobwerera ndinadzera dala msewu wafumbi, mawindo otseka, nditayala nsalu yoyera pampando wa kumbuyo. Ndafika nayo pa Nchalo ili yoyera.

Mayi a Tadala (Ngabu): Ndiye Lamulungu likudzali ndichotsanso ya Probox. Nthawi ija sitinayang'ane kabokosi kameneko, sitinkadziwa n'komwe ntchito yake, ndipo matumba a ufa ndikamafika nawo kumsika amakhala ofiira pamwamba. Madala, pa Probox kali mbali iti?

Madala Makaniki (Dyeratu): Mukatsitsa muyang'ane makona onse awiri mayi, magalimoto ena kamakhala kamodzi, ena tiwiri. Mugule makilipu musanayambe. A Mphatso, Lachinayi ndikukwera ku Limbe kukatenga zida, undisiyire chithunzi cha bulaketi ija ndi nambala ya chasisi pa foni.